"Mwanayu sakulankhula": choyamba dziwani chimene chikuchedwa

Mayi akafika ku sikelo n'kunena kuti "mwanayu sakulankhula", mawu amenewo amakhala atakwirira zinthu zitatu zosiyana. Taganizirani ana atatu, onse a zaka ziwiri ndi theka. Woyamba mukamutuma chikho amathamanga n'kubwera nacho, amakukokani chitenje kuti muone nkhuku yomwe yalowa m'nyumba, pakamwa sipatseka, koma zomwe akunenazo amazimva ndi amayi ake okha. Wachiwiri amatchula bwinobwino timawu tochepa tomwe ali nato, "madzi", "amama", "ayi", koma sapitirira pamenepo, ndipo mukati "ika nsapato pansi pa mpando" amangokuyang'anani. Wachitatu amaimba nyimbo yonse ya pa wailesi osaphonya, koma mukamuitana dzina satembenuka, ndipo sanalozepo chinthu n'cholinga choti inunso muchione.

Woyambayo vuto lake ndi katchulidwe. Wachiwiriyo chikuchedwa ndi chilankhulo. Wachitatuyo, ngakhale ali ndi mawu ambiri kuposa anzakewo, ndi amene ndingamudere nkhawa kwambiri, chifukwa chikumuvuta ndi kulumikizana ndi anthu, komwe ndi maziko a zinazo. Zoyambitsa zake n'zosiyana, thandizo lakenso n'losiyana. N'chifukwa chake yankho lakuti "adzalankhula, bambo akenso anachedwa" silikwanira, ngakhale nthawi zina limapezeka kuti linali loona.

Kulumikizana kumayamba mawu asanabwere

Kulumikizana ndi kupatsana uthenga mwa njira iliyonse: maso, nkhope, manja, kulira, kuseka. Khanda limayamba zimenezi lisanadziwe liwu ndi limodzi lomwe. Pofika masabata 6 mpaka 8 limamwetulira likaona nkhope ya munthu. Pa miyezi itatu limachita kale zosinthana: inu mukalankhula limakhala chete, mukasiya limayankha ndi timaphokoso take, kenako n'kudikira. Kudikirako ndiye chiyambi cha kucheza.

Chinthu chachikulu chimachitika pakati pa miyezi 9 ndi 12, ndipo ambiri sachiwerengera. Mwana amayamba kutsatira komwe mukuyang'ana, amakweza manja kuti mumunyamule, amakupatsani chomwe wagwira, kenako amaloza. Kuloza kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina n'kopempha: akuloza nthochi chifukwa akuifuna. Kwina n'koonetsa: akuloza ndege kumwamba, n'kutembenukira kwa inu kuti aone ngati mwaiona, n'kubwereranso ku ndegeyo. Sakufuna kuti mumupatse ndege. Akufuna kuti inu ndi iye maganizo akhale pa chinthu chimodzi, ndipo mawu amaphunziridwa pomwepo, chifukwa mukati "ndege!" iye akudziwa chomwe mukutchula. Mwana amene pofika chaka chimodzi satembenuka akaitanidwa dzina, kapena pofika miyezi 18 sanayambe kuloza koonetsaku, ayenera kupimidwa makutu, ndipo makutu akapezeka ali bwino aonedwe ngati ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulumikizana ndi anthu. Mwana wa msinkhu uliwonse amene anali ndi mawu kenako n'kuwataya asadikiridwe ngakhale mwezi umodzi.

Chilankhulo chili m'mutu

Chilankhulo ndi dongosolo: mawu, matanthauzo ake, ndi malamulo owalumikizira. Chili ndi mbali ziwiri, kumvetsa ndi kunena, ndipo kumvetsa kumatsogola. Mwana wa chaka chimodzi amene akungoti "amama" amakhala akumvetsa kale mawu ambirimbiri.

Ntchitoyi imayamba mwana asanabadwe. Mimba ikafika miyezi 6 kapena 7 amamva mawu a mayi ake, makamaka kukwera ndi kutsika kwake. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anaonetsa kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja olankhula Chingerezi ankasiyanitsa maliwu a Chihindi, chilankhulo cha ku India, omwe akuluakulu olankhula Chingerezi amavutika kuwasiyanitsa, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 lusolo linali litazimirira. Khutu limasankha maliwu a kwawo n'kusiya enawo. Mwana wa kwathu kuno amasunga kusiyana kwa "pala" ndi "phala", kwa "panga" ndi "phanga", komanso kamvekedwe komwe kamasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo kumsika, ngakhale pa pepala timalemba chimodzimodzi.

Kenako tayang'anani chimene mwana wa Chichewa amanyamula asanafike zaka zitatu. Chipewa changa chagwa. Mpira wanga wagwa. Mbale yanga yagwa. Dengu langa lagwa. Kamwana kanga kagwa. Dzina lililonse lili m'gulu lake, ndipo gululo limakoka mawu onse otsatira kuti agwirizane nalo. Wamkulu wochokera kunja amatuluka thukuta ndi zimenezi kwa zaka zambiri, pomwe mwana palibe amamukhazika pansi kumufotokozera. Katherine Demuth, yemwe anatsata ana olankhula Chisutu ku Lesotho, anapeza kuti amadutsa m'masitepe: poyamba amasiya chiyambi cha dzina, kenako amaikapo kaliwu kongogwirizira, kenako chiyambi chonse, ndipo ambiri amakhala atafikapo pa zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Pa Chichewa, Moira Chimombo ndi Al Mtenje analemba mu 1989 za momwe ana amaphunzirira kukana ndi kamvekedwe kake. Choncho mwana wa zaka ziwiri akati "pewa" m'malo mwa "chipewa", kapena "kulu" m'malo mwa "sukulu", sanalakwitse mwachisawawa. Pa Chichewa timatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye iye wagwira pomwe pakumveka kwambiri n'kusiya zoyambirira. Akati "galu yanga" ndiye kuti wazindikira kuti pali lamulo, koma galuyo wamuika m'gulu la mbuzi ndi nkhuku. Cholakwika choterocho chimasonyeza mutu womwe ukugwira ntchito.

Pali miyezo yomwe imathandiza. Mawu oyamba amabwera cha pa chaka chimodzi. Pofika zaka ziwiri ana ambiri amakhala ndi mawu 50 kapena kuposa ndipo amayamba kuphatikiza awiri, monga "amama madzi". Koma powerenga pamafunika kusamala. Liwu lotchulidwa molakwika limawerengedwa ngati mwana amalinena nthawi zonse pa chinthu chomwecho. "Meee" wotanthauza mbuzi ndi liwu. Ngati pakhomo pamalankhulidwa Chichewa ndi Chiyao, kapena Chitumbuka ndi Chingerezi, mawu a zilankhulo zonse amawerengedwa pamodzi. Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana, ndipo kuzisakaniza m'chiganizo chimodzi si matenda, akuluakulufe timachita zomwezo tsiku ndi tsiku. Makolo omwe amasiya chilankhulo chomwe amachidziwa bwino n'kumalankhula ndi mwana Chingerezi chopereperera amam'mana mawu ambiri kuposa omwe akumupatsa.

Muyezo wa "mawu awiri" unachokera ku zilankhulo za ku Ulaya, ndipo pa Chichewa umafuna kuusinthako. "Sindinamuone" ndi liwu limodzi, koma muli wokana, wochita, nthawi, wochitiridwa ndi tsinde: si-ndi-na-mu-on-e. Mwana akati "ndikufuna" mwina wangoloweza lonse ngati chinthu chimodzi. Chomwe muyenera kumvetsera n'chakuti kodi amalisintha? Akayamba kunena "sindikufuna", "akufuna", "ndifunanso", ndiye kuti walimasula n'kuona zigawo zake. N'chifukwa chakenso kupima ana athu ndi zida za kunja zongotanthauziridwa kumasocheretsa. Melissa Gladstone ndi anzake anakonza chida chotchedwa MDAT, chomwe chinasindikizidwa mu 2010, poyesa ana a kumidzi ya ku Malawi ndi zinthu zomwe anawo amazidziwa. Chimaona kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka manja, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu.

Umboni woti chilankhulo sichikhala m'kamwa ulipo wambiri. Mu 1861 dokotala wa ku France, Paul Broca, anafotokoza za wodwala yemwe ankamva zonena anthu koma ankangotha kunena "tan", ndipo atamwalira anapezeka ndi chilonda kumanzere kwa ubongo. Lilime lake linalibe vuto. Mu 1991 Laura Petitto ndi Paula Marentette anaonetsa kuti makanda osamva omwe makolo awo amalankhula ndi manja amabwebweta ndi manja, pa msinkhu womwe anzawo akumva amati "bababa". Ku Managua, m'dziko la Nicaragua, ana osamva atasonkhanitsidwa pa sukulu kuyambira 1977 anapanga okha chilankhulo cha manja chatsopano chokhala ndi malamulo ake. Choncho mwana wosamva amene akulankhula chilankhulo cha manja ali ndi chilankhulo chokwanira. Amene ali pangozi ndi uja wakhala zaka zisanu popanda cha pakamwa kapena cha manja, chifukwa zaka zoyambirirazo zikadutsa ubongo suphunziranso chilankhulo choyamba mosavuta.

Katchulidwe: ntchito ya mpweya, kholingo ndi lilime

Kutchula mawu ndi ntchito ya thupi. Mpweya umachoka m'mapapo, umagwedeza timinofu tiwiri ta m'kholingo n'kupanga liwu, kenako lilime, milomo, mano ndi kumwamba kwa m'kamwa zimaliumba. Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kunena "pala", kenako "phala". Pa liwu lachiwirilo mumva kampweya kakukuwombani. Kusiyana konseko ndi kanthawi kochepetsetsa pakati pa kutsegula milomo ndi kuyamba kugwedeza kholingo, ndipo mwana amayenera kuphunzira kuwongolera kanthawi kameneko.

Maliwu amabwera mwa dongosolo. Kubwebweta kwa maphatikizo enieni, "bababa", "mamama", "dadada", kumayamba pakati pa miyezi 6 ndi 10. Oyamba ndi a milomo ndi a nsonga ya lilime: p, b, m, t, d, n. A kumbuyo, k ndi g, amatsatira, ndiye "tapu" m'malo mwa "kapu" n'zabwinobwino mpaka cha pa zaka zitatu ndi theka. "Topo" m'malo mwa "sopo" n'chimodzimodzi, chifukwa s amafuna kuti lilime lisiye kampata kakang'ono osatsekeratu. Ophatikizika monga a mu "kupsa" ndi "kubzala" amabwera kumapeto. Muyezo wosavuta ndi uwu: mlendo ayenera kumva pafupifupi theka la zonena za mwana wa zaka ziwiri, magawo atatu mwa anayi pa zaka zitatu, ndi pafupifupi zonse pa zaka zinayi. Aphunzitsi adziwenso ichi: pa Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo, choncho mwana wowasinthanitsa powerenga Chingerezi alibe vuto la katchulidwe, akungofunika kuphunzitsidwa liwu lomwe kwawo kulibe.

Anthu ambiri amathamangira kunena kuti lilime ndi lomangika. Kamtsempha ka pansi pa lilime kakafupika kwambiri kamatha kuvutitsa poyamwa, koma sikalepheretsa mwana kudziwa mawu kapena kumvetsa zomwe akuuzidwa. Kukadula ndi lumo pakhomo kumabweretsa kutaya magazi ndi matenda, mawu osabwera. Chomwe chimafunika kuyang'ana ndi tochi ndi kumwamba kwa m'kamwa. Mwana amene mkaka umamutulukira m'mphuno, ndipo mawu ake onse amamveka a m'mphuno moti "baba" amatuluka "mama", mwina pamenepo ndi pong'ambika, ndipo pamasokedwa kuchipatala.

Chibwibwi nachonso ndi nkhani ya katchulidwe, osati ya nzeru. Chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu, chimagwira ana pafupifupi asanu mwa 100, ndipo ambiri a iwo chimawathera chokha. Musamumalizire mawu, musamuuze kuti "khala phee, yambiranso", ndipo aletseni anzake kumuyeseza. Inuyo chepetsani liwiro la kulankhula kwanu, mumuyang'ane mpaka amalize. Chikapitirira miyezi 6, kapena mwana akayamba kutsinzina, kuumitsa nsagwada ndi kupewa kulankhula, funani thandizo.

Makutu choyamba

Mwana aliyense wochedwa kulankhula apimidwe makutu, ngakhale aliyense pakhomo akulumbira kuti amamva. Pali zinthu ziwiri zomwe zimanamiza makolo. Choyamba, khanda losamva limalira, limaseka, limapanga timaphokoso ngati lina lililonse m'miyezi yoyamba. Kusiyana kumaonekera pamene "bababa" akuchedwa kubwera. Chachiwiri, mwana amene amadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa mwina wamva kugwedezeka kwa pansi, kapena amamva zaphokoso zokhazokha koma s, f ndi t zimamudutsa. Ana osamva oposa 90 mwa 100 amabadwa kwa makolo akumva, choncho kunena kuti "kumtundu kwathu kulibe" sikutsimikizira kanthu.

Kwathu kuno zambiri zowononga makutu zimabwera mwana atabadwa kale: malungo ogwira ubongo, matenda oumitsa khosi, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, kubadwa masiku asanakwane, ndi mankhwala ena amphamvu monga gentamicin omwe amapulumutsa moyo koma nthawi zina amakhudza khutu. Mwana wochira ku matenda oterewa ayenera kupimidwa makutu ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Kenako pali mafinya m'khutu, omwe ambiri amawaona ngati zachibwana. Akatuluka kwa masiku 14 kapena kuposa ndiye kuti vuto lakhazikika, ndipo mwanayo akumva ngati watsekedwa makutu ndi zala pa nthawi yomwe akuphunzira mawu. Pitani naye kuchipatala. Pakhomo pindani kansalu koyera kofewa ngati chingwe cha nyali, kalowetseni pang'ono kuti kayamwe mafinya, kachotseni, n'kubwereza ndi kena mpaka khutu liume, katatu pa tsiku. Musathiremo mafuta kapena madzi a masamba, musatokosemo ndi kamtengo ka machesi, ndipo posamba madzi asalowemo. Kuseri kwa khutu kukatupa n'kumapweteka, pitani tsiku lomwelo.

Mukhoza kuyesako pakhomo. Kwa mwana wa miyezi 7 mpaka 9, wina amukhazike pamiyendo m'chipinda chopanda phokoso, wachiwiri akhale kutsogolo akumuonetsa kachidole, kenako n'kukabisa. Inu muime kumbuyo cha kumbali, pafupifupi mita imodzi, pomwe sangakuoneni inu kapena chithunzithunzi chanu, n'kugwedeza pang'ono bokosi la machesi molingana ndi khutu. Ayenera kutembenukira komweko. Yesani mbali zonse ziwiri. Kwa wa zaka ziwiri kapena zitatu, ikani kapu, supuni ndi nsapato pamphasa, phimbani pakamwa panu ndi pepala, musaloze kapena kuyang'ana chinthucho, n'kunena motsitsa kuti "ndipatse supuni". Ana osamva bwino ndi akatswiri owerenga maso ndi manja athu, n'chifukwa chake amaoneka ngati akumva zonse. Akalephera, pitani naye. Akapambana koma inu mtima sunakhazikike, pitaninso, chifukwa kuyesa kwa pakhomo sikugwira vuto laling'ono. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ina ku African Bible College. Khanda limapimidwa ndi kachida kolowetsa m'khutu lili mtulo, kwa mphindi zochepa, popanda ululu. Palibe mwana wochepa kwambiri moti sangapimidwe.

Akapezeka kuti samva, chilankhulo cha manja chiyambe pomwepo, banja lonse, kaya zida zothandizira kumva zapezeka kapena ayi. Manja saletsa pakamwa. Bungwe la anthu osamva la MANAD ndi sukulu za ana osamva monga za ku Mua, Embangweni ndi Maryview ndi poyambira kufunsa.

Zochita pakhomo

Mwana amaphunzira kwa munthu amene akumuyankha. Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake anatenga makanda a miyezi 9 a ku America, ena n'kumawaseweretsa ndi munthu wolankhula Chitchaina maulendo 12, ena n'kumawaonetsa zomwezo pa kanema. Oseweretsedwa ndi munthu anaphunzira kusiyanitsa maliwu a Chitchainawo, a pa kanema sanaphunzire. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni yopatsa mwana kuti atonthole imamutontholetsadi, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Izi sizikutanthauza kuti mayi asiye ntchito n'kumangocheza ndi khanda. Mwana wa kumbuyo amamva zambiri, pa mjigo, kumsika, kuchigayo, ndipo azikulu ake omwe amamulera ndi aphunzitsi abwino. Chomwe kumbuyo kulibe ndi nkhope. Ndiye gwiritsani ntchito nthawi zomwe mumayang'anizana kale: poyamwitsa, posambitsa, pomwetsa phala. Tsitsani wailesi. Tchulani chomwe iye akuyang'ana, osati chomwe inu mukufuna kuti ayang'ane. Mukanena kanthu, khalani chete n'kuwerenga mumtima mpaka 5. Ambirife sitidikira, timafunsa n'kudziyankha tokha mwana asanatsegule pakamwa. Akanena liwu limodzi, mubwezereni mutawonjezera limodzi: iye "mpira", inu "mpira wagwa". Akati "tapu", musati "ayi, nena kapu", ingoyankhani "eya, kapu, kapu yako iyi", kuti amve lolondola popanda manyazi. M'malo momufunsa "ichi n'chiyani?" tsiku lonse ngati mayeso, mupatseni chosankha atachiona: "ufuna nthochi kapena mbatata?" Ndipo musamupatse zonse asanapemphe. Mwana amene azikulu ake amamunenera chilichonse alibe chifukwa chotsegulira pakamwa.

Akafika zaka zitatu kapena zinayi, nthano zimagwira ntchito yomwe ena amaigulira mabuku okwera mtengo. "Tili tonse" amaphunzitsa kumvetsera ndi kudziwa nthawi yako yoyankha. Ndagi zimaphunzitsa kuti liwu limatha kutanthauza china chobisika. Mukamaliza nthano, mufunseni kuti Kalulu anachita chiyani poyamba, nanga kenako. Kulondoloza nkhani kumeneko n'komwe kudzamuthandize kuwerenga ku Sitandade 1.

Popita kuchipatala musangoti "sakulankhula". Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo kwa sabata imodzi lembani papepala mawu onse omwe amanena, m'chilankhulo chilichonse, monga momwe amawatchulira. Lembaninso malangizo omwe amatsata popanda kumulozera, ngati amaloza kuti akuonetseni zinthu, ngati anadwalapo malungo aakulu, kukomoka kapena kutuluka mafinya m'khutu, komanso ngati pali liwu lomwe ankanena kale koma analisiya. Ngati foni yanu imajambula, jambulani mphindi ziwiri akusewera ndi anzake, chifukwa ana ambiri akalowa m'chipinda cha adokotala amangoti duu. Mukauzidwa kuti mudikire, funsani kuti mudikire mpaka mwezi uti, ndipo pemphani kalata yokapimitsa makutu pa nthawi yodikirayo.